Pini ya Kansalu Kofiira

"Chinthu chikamadzinenera chokha kuti chili bwino, usachikhulupirire. Chinyamule, umve kulemera kwake." Anandichenjeza motero ndi a Kamtedza, ndili ndi masabata awiri okha pa ntchito, mopu ili m'manja. Papita zaka zambiri, eni mawuwo anagona kale kumanda a kwawo kuseri kwa Mitundu, koma ine ndimadzuka nawobe.

Fatsani ndi Tiyanjane, ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi: mumati ine sindikhulupirira munthu. Mukati mwatseka chitseko, ndimadzuka kukagwira loko ndekha. Mdzukulu akati wasamba m'manja, ndimati bwera nawo kuno ndiwanunkhize. Mkamwini wanga mpaka lero amadandaula kuti tsiku loyamba ndinamufunsa ngati wapolisi. Sindikukana. Koma sindinabadwe choncho, inandiumba ndi ntchito. Ndipo popeza pakamwa panga sipatuluka mawu ofewa, ndati ndilembe.

Chaka choyamba: mopu ndi sikelo

Bambo anu atatisiya, Fatsani ali Sitandade 3, Tiyanjane ali kumsana, ndinapeza ntchito yokolopa ndi kuphika tiyi pa kampani ina yaing'ono ku Lilongwe, yosamalira zozimitsira moto m'makhitchini a malo odyera. Ndinkakwera minibasi yoyamba pa Mitundu, inu nditakusiyani kwa azakhali anu. Wekishopu yake inali shedi yamalata yodzaza masilinda ofiira. Amisiri analipo asanu ndi mmodzi, onse amuna, ndipo wamkulu wawo anali a Kamtedza, munthu wamtali wosalankhulalankhula. Kwawo kunali kufupi ndi kwathu, ngakhale tinadziwirana kuntchito konko.

M'mawa wina ndinkasuntha masilinda kuti ndikolope pansi pake. Anali atandandalikidwa pakhomo, opukutidwa kale, akudikira galimoto yowabwezera kwa eni ake. Ndinanyamula yoyamba, ndinanyamula yachiwiri, koma yachitatu inangonyamuka ngati ndowa yopanda madzi. Ndinaima kaye, ndikuopa kulankhula. Kenako ndinati, "Bambo, iyi yapepuka bwanji?" Mmisiri wina dzina lake Gomani anaseka. "Mayi, taonani apa. Muvi wa geji uli pobiriwira. Pobiriwira ndiye kuti yadzaza. Nanga tiyi uja wapsa?" Anzake anaseka nawo. A Kamtedza sanaseke. Anatulutsa m'chikwama kasikelo kambedza, konga kamene amayezera mtedza pamsika, anakolowekapo silindayo n'kuyang'ana. Inali yopanda kanthu. Inagwiritsidwa ntchito kale, palibe anaidzaza, koma muvi unangomatirira pobiriwira ndi dzimbiri. Anatembenukira kwa Gomani. "Ikanapita iyi, tsiku la moto munthu akanaithamangira, n'kufinya, n'kupsa ali chiimire akukhulupirira iweyo." Atatero anandiuza ine mawu aja ndayamba nawo, n'kundifunsa mfunda wanga. Ndinati Nabanda. "Nabanda, manja ako ali ndi maso. Mawa mopuyo uisiye ola limodzi, ubwere kuno."

Bwana wa nthawi imeneyo, mkulu wofatsa wa ndevu zoyera, anati mkazi sangamakwere makwerero m'makhitchini a anthu. A Kamtedza anati, "Nanga akupsa m'makhitchinimo ndani, si akazi?" Bwana anakanda ndevu n'kulola kuti ndiyambe ndi kutsuka zosefera mafuta. Chaka chisanathe ndinali nditanyamula chikwama cha zida, ndikutsatira a Kamtedza m'mbuyo.

Chaka chachitatu: pansi pa hudu

Mundilole ndifotokoze ntchitoyo, chifukwa mpaka lero Fatsani amauza anzake kuti amayi ake anali ozimitsa moto. Ine sindinazimitsepo moto. Ntchito yanga inali yoonetsetsa kuti tsiku la moto chitsulo chidzazimitse chokha. M'khitchini yaikulu, pamwamba pa masitovu ndi ziwaya za tchipisi, pamakhala chidenga chachitsulo chokoka utsi, ife timati hudu. Mkati mwake mumadutsa waya wokokedwa zolimba, wolumikizidwa ndi tizitsulo tosungunuka totchedwa malinki. Mafuta akagwira moto, linki imasungunuka, waya amamasuka, bokosi la pakhoma limatsegula silinda, mankhwala amathamanga m'mapaipi n'kupopera pamafuta paja, gasi wa masitovu n'kutsekeka. Zonsezi zimachitika munthu asanamalize kukuwa. Ife tinkapita miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kukasintha malinki, kupala mafuta oundana pa timilomo topopera, kuyeza silinda, n'kumata sitika yosainidwa.

Koma usanagwire chilichonse, umayenera kulowetsa pini m'bokosi muja, kuti ukagwedeza waya mankhwala asakhuthukire pa chakudya cha anthu. Ukamaliza, piniyo uichotse. Ikatsalamo, zonse zimaoneka bwino, geji pobiriwira, sitika yatsopano, koma moto ukabuka sipatuluka kanthu. A Kamtedza pini ankaiopa kuposa njoka. Yawo anaimangirira kansalu kofiira, kodula ku chitenje cha akazi awo a Nankhoma, kuti asatseke chivundikiro cha bokosi asanakaone. Inenso anandidulira kanga. "Usanatuluke pakhomo la khitchini, gwira m'thumba," ankatero. "Ukapeza pini mulibe, bwerera, ngakhale minibasi ikukuimbira hutala."

Ophika ndinawakonda, koma kuwakhulupirira ayi. Linki ikawadukira kamodzi n'kuwaonongera ndiwo, ankamangapo waya wa kumpanda kuti zisadzachitikenso. Ena ankayanika matawulo pa mapaipi. Ena silinda yam'manja ankatsamizira chitseko. Ndikatulukira, nditavala ovolosi ndi chitenje pamwamba pake, ankakuwa, "Bisani machimo, afika Mayi Sikelo!" Mkulu wina wophika anandifunsa pagulu, "Mayi, kodi amuna okufunsirani mumawakolowekanso pa sikeloyo?" Ndinati, "Awiri ndinawakoloweka. Muvi pobiriwira, mkati mopanda kanthu." Khitchini yonse inafa ndi phwete, a Kamtedza ali pamwamba pa makwerero akugwedeza mutu. Pobwerera anandigulira chimanga chootcha, amene sankagulira munthu kanthu.

Chaka chakhumi ndi chimodzi: nthawi ya kusowa

Bwana wandevu uja anagulitsa kampani, kunabwera a Msiska, munthu wa tayi ndi kompyuta. Inali nthawi imene ndalama zakunja zinasowa, galimoto zikugona pamizere ya mafuta. Malinki ndi mankhwala, zimene zinkachokera ku Joni, zinasiya kubwera. A Msiska anatisonkhanitsa m'shedi muja. "Makasitomala akufuna sitika yokaonetsa a inshuwaransi, basi. Pukutani, matani, bwerani kuno." Ine ndinkapukuta, ndinkamata, koma pansi pa siginecha yanga ndinkalemba ndi bolopeni kuti malinki ndi akale, sanasinthidwe. Eni malo odyera anayamba kuimba foni ku ofesi. A Msiska anandiitanitsa. "Amayi, mukufuna kampani ino itsekedwe? Ana anu adzadya bolopeniyo?" Ndinati, "Bwana, dzina lili pasitikapo ndi langa, si lanu." Sanandichotse ntchito, poti makasitomala ena ankaitanitsa ineyo ndi dzina. Anangondichotsa ku mahotela a m'tauni n'kunditaya kum'mwera kwa Lilongwe, kopanda galimoto ya kampani. Iwo ankati ndi chilango. Ine ndinkaseka chamumtima, poti kunali kwathu, ndipo madzulo ndinayamba kukupezani musanagone.

Deralo tinagawana ndi a Kamtedza, amene anapempha okha kale kuti azigwira kufupi ndi kwawo. Iwo anatenga Nathenje ndi Diamphwe, m'mbali mwa msewu waukulu. Ine ndinatenga Mitundu ndi Malingunde, makhitchini a m'maesiteti a fodya, malo ogona alendo, ndi malo odyera a pamsika. Masilinda ndinkayenda nawo pa minibasi, kondakitala akunditoza kuti, "Mayi, bomba lanulo lisatiphulikire, ena sitinalape." Kopanda minibasi ndinkakwera kabaza, silinda ili pamiyendo ngati khanda. Nthawi ya mvula tinkatsika n'kumakankha njinga tonse awiri.

Lachisanu lililonse tinkakumana ku wekishopu n'kubwerera limodzi. Ndinayamba kuona kuti potsika minibasi a Kamtedza amagwira chitseko nthawi yayitali, phazi likufufuza pansi. Ndinati ndi mawondo. Ndinaonanso kuti chikalata akapatsidwa amachipinda osawerenga. Ndinati ndi kunyansidwa ndi a Msiska. Ine woyeza chilichonse, munthu mmodzi yekhayo sindinamuyeze.

Chaka chakhumi ndi chisanu ndi chimodzi: Lachinayi ku Nathenje

Munali mu Okutobala, kukutentha koopsa. A Kamtedza anatenga tchuthi cha sabata imodzi poti mwana wawo wotsiriza ankakwatiwa Loweruka. Nthawi yoyendera khitchini ina ya ku Nathenje inakwana, ndipo anatuma ine. Anali malo odyera pamene mabasi amaima. Mwini wake hudu anaigula yakale ku Joni. Pansi pake panali ziwaya zinayi za mafuta ndi ophika asanu, khitchiniyo ili ndi khomo limodzi lopapatiza ndi zenera la zitsulo. Wamkulu wa ophika anali Agnesi, mayi woseka ndi thupi lonse.

"Lero agogo atitumizira apolisi," anatero atandiona, agogowo akutanthauza a Kamtedza. Ndinati agogo ali kokonzekera ukwati. "Mukawauze kuti tawasowa. Iwo aja ndi anthabwala. Amati, Agnesi, tandiwerengera muviwu uli pati, ndione ngati kusukulu unapitadi." Ndinaseka nawo.

Ndinakwera pa mpando, ndinamasula chivundikiro cha bokosi kuti ndilowetse pini yanga. Pabowopo panali kale pini. Kansalu kanali katapindikira mkati, katada ndi utsi ndi mafuta, koma kufiira kwake kunkaonekabe m'mphepete. Ndinakadziwa monga ndimadziwira nkhope zanu. Ndinayang'ana sitika. Siginecha inali yawo, ya mu Epulo, yokhotera kunja kwa mzere. Miyezi isanu ndi umodzi amayi asanu aja ankakazinga pansi pa hudu yakufa, akuyang'ana sitika n'kumakhazika mtima pansi.

"Mayi Sikelo, mwauma bwanji pampandopo? Mwaona khoswe?" anafunsa Agnesi. Ndinati palibe, ndi fumbi chabe. Ndinanama. M'zaka zanga zonse za ntchito, ndi tsiku lokhalo limene ndinanamiza wophika. Ndinagwira ntchito yonse pang'onopang'ono, chilichonse kuchiona kawiri, ndinachotsa piniyo n'kuimanga pansonga ya chitenje. Pa fomu ya lipoti, pamene timalemba zimene tapeza, ndinasiya osalembapo.

M'minibasi yobwerera ndinkakangana ndekha. Kunatsala chaka chimodzi ndi miyezi iwiri kuti a Kamtedza apume ndi ulemu wawo wonse. Khitchini ndaikonza, palibe wapsa, ndikatseka pakamwa palibe adzadziwe. Koma makhitchini a hudu amene iwo ankayendera analipo asanu ndi anayi, ndipo ine ndinali nditaona imodzi yokha.

Lamulungu la sabata yomweyo

Loweruka ndinapita kuukwatiko, pini ili pansonga ya chitenje. Ndinawaona akuvina atagwira phewa la a Nankhoma osalisiya. Anthu ankalulutira, akuti chikondi cha akuluakulu. Sindinanene kanthu, ukwati wa mwana sauononga. Lamulungu masana, alendo atabalalika, ndinabwererako.

Ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza wambewu. Ndinaima dala pabwalo osaodira, pafupi ngati apa ndi pakhomo apo. Anakweza mutu, anayang'ana kumene ndinali, n'kupitiriza kuswa. Nditati odi ndi pamene anati, "Aa, Nabanda! Lowa, lowa. Dzulo unavina ngati ukuponda udzu wonyowa." A Nankhoma anandiyalira mphasa. Titalonjerana, ndinamasula nsonga ya chitenje n'kuwaika piniyo m'dzanja. Anaisisita ndi chala kuyambira kumutu mpaka pa kansalu.

"Waipeza kuti?"

"Kwa Agnesi, bambo. M'bokosi."

"Ndinagwira m'thumba tsiku limenelo," anatero motsitsa. "Munali msomali, ndinayesa ndi iyo. Ndinazindikira patatha sabata, ndili ku Diamphwe. Ndinadziuza kuti inagwera m'minibasi. Ndinafuna kuti ikhale inagwera m'minibasi."

A Nankhoma anasiya lichero. "Auzeni zoona, bambo. Zaka ziwiri tsopano. Diso lamanzere ng'ala inatseka, lamanja likutsatira. M'mawa uliwonse zida ndimawaikira ndine m'chikwama motsatana, kuti azizidziwa ndi manja."

"Inu, taimani kaye," anatero a Kamtedza. Kenako anatembenukira kwa ine. "Nabanda, kwatsala chaka ndi miyezi iwiri. Ndikachoka lero, ndichoka ngati galu woba. Zaka zonsezi sindinapserezepo munthu ndi mmodzi yemwe. Iwe uzidutsa m'mbuyo mwanga, uziona ntchito yanga mwakachetechete. Adziwe ndani?"

Ndinaganizira, ana anga, ndinaganiziradi. Munthu ameneyu ndi amene anachititsa kuti inu mupite kusekondale. Koma Malingunde ndi Diamphwe n'kotalikirana, ndipo tsiku limene ine ndikanalephera kudutsa likanakhala tsiku la moto. Ndinaona m'maganizo khomo lopapatiza lija, ndi amayi asanu akulimbirana. Ndinati, "Bambo, sindingakhale maso anu tsiku lililonse. Mawa mukawauze a Msiska nokha. Mukapanda kutero, ndikanena ndine."

"Iweyo? Ndinakuchotsa pa mopu ndine."

"Ndinu. Ndinunso munandiuza kuti chodzinenera chokha kuti chili bwino ndisachikhulupirire."

Anaimirira, mtedza unakhuthukira pansi. "Zikomo mayi. Muyende bwino." Chiyambire anali asananditchulepo kuti mayi. Ndinali Nabanda, ndinali iwe. A Nankhoma anandiperekeza mpaka kumsewu. Potsanzikana anandifinya dzanja. "Mwandithandiza. Ine ndimangowalota atagwa pa makwerero. Koma musabwerenso msanga."

Lolemba, ndi zotsatira zake

Anakanena okha. Analowa mu ofesi atavala jekete ya ukwati ija, msana uli chilili, ndipo dzina langa sanalitchule. A Msiska anawapumitsa mwezi womwewo, popanda mwambo uliwonse, ndipo zina zimene akanalandira akanamaliza nthawi yawo zinawadutsa. Nkhani sibisika. Gomani ndi anzake anasiya kundipatsa moni, ndikalowa m'shedi ankati, "Samalani, Yudasi wavala chitenje." Ndinalemba lipoti lija monga zinalili, ndipo ndinatha masabata atatu ndikuzungulira makhitchini asanu ndi atatu otsalawo. Asanu ndi awiri anali bwino, ntchito yaukhondo ya manja odziwa, mpaka ndinkachita manyazi kuigwira. Koma ku Diamphwe ndinapeza paipi ya silinda itangolowetsedwa osamangitsa. Mankhwala akanathera pakhoma.

Ndinabwereranso kwa Agnesi kukamuuza kuti tsiku lija silinali fumbi. Anakhala pansi pa thumba la mbatata, manja ali pamutu. "Ndiye ife kumaseka, kumati agogo ndi anthabwala. Bwanji sananene, tikanawagwirira makwerero?" Anawatumizira nkhuku. Ndinamva kuti anailandira.

Mwina mukudikira ndinene kuti patsogolo pake moto unabuka ku Nathenje, hudu inapopera, ndipo onse anaona kuti ndinalondola. Ayi. Khitchini ya Agnesi sinapse, ya ku Diamphwe sinapse, mpaka ine ndinapuma. Ntchito yathu ikayenda bwino sipachitika kanthu, ndipo palibe amathokoza munthu chifukwa cha moto umene sunayake. Chimene ndinatsala nacho ndi mkulu amene ankatembenukira kumbali ndikamupatsa moni pamsika wa Mitundu. Zaka zitatu zathunthu. Tiyanjane, uyenera kukumbukira kuti nthawi imeneyo ndinasiya kupita kumsika Loweruka, ndikumatuma iwe. Chifukwa chake ndi chimenechi.

Chaka cha makumi awiri: pakhonde lomwe lija

A Nankhoma anamwalira m'dzinja. Kumaliro ndinapita, ndinaphika nawo, ndinagwira a Kamtedza chanza, anangogwedeza mutu. Ana awo anabwerera ku Blantyre ndi ku Joni atawagulira foni ya mabatani akuluakulu. Patapita miyezi iwiri ndinakumana ndi mwana wawo wotsiriza uja ku depoti ku Lilongwe. Ndinafunsa za bambo ake. "Ali bwino, azakhali. Timaimba tsiku ndi tsiku, amati ali bwino." Mawu amenewo sanandichoke m'maganizo ulendo wonse. Nditatsika sindinalowere kwathu, ndinalunjika kwa a Kamtedza, chikwama cha zida chili paphewa.

Anali pakhonde, dzuwa likuwaomba. Diso limodzi anali atachitidwa opaleshoni, ankaonako pang'ono. "Ndani?" Ndinati ndine. "Mapazi ndawamva kale. Kuyenda ngati wanyamula silinda." Sanandithamangitse, sanandiuzenso kuti ndikhale. Ndinakhala ndekha. Ndinafunsa mmene alili, anati ali bwino. Ndinati tiyeni mumthunzi, n'kuwagwira mkono kuti ndiwadzutse. Ana anga, munthu wamtali uja ananyamuka ngati silinda ija ya chaka choyamba. Ndinawakhazika pansi pa mango n'kuzungulira kukhitchini. Mafuwa anali ozizira, ndipo pa phulusa nkhuku inali itaikira mazira anayi. Ndinamva pambuyo pake kuti oyandikana nawo akabweretsa mbale ankawabweza, akuti adya kale.

Ndinabwerera pansi pa mango paja. Iwo anayamba kuseka, kuseka kwa munthu wopanda mphamvu, misozi ikutsika m'masaya.

"Wandiyeza, Nabanda."

"Ndakuyezani, bambo."

"Wapeza zotani?"

"Muvi pobiriwira, mkati mulibe kanthu."

"Ndiye pamenepa mmisiri amatani?"

"Amadzaza."

Ndinathamangitsa nkhuku, ndinakoleza moto, ndinawaphikira phala la mgaiwa lotsira nsinjiro. Anamwa theka n'kunena kuti mchere wachepa, ndinadziwa kuti achira. Ndinatenga foni yawo ija n'kuimbira ana awo mmodzimmodzi, iwo akumva, ndipo sindinakometse kanthu. Kuyambira pamenepo ndinkapitako Lachitatu ndi Loweruka, kwa zaka zinayi, mpaka tsiku limene tinawaperekeza. Za pini sitinakambiraneponso, kupatula kamodzi. Anandituma kuti ndikatenge kathumba pansi pa bedi. Munali kasikelo kawo kambedza, pini ija itamangiriridwa pa mbedza ndi kansalu kake. "Tenga," anatero. "Ndinakuda, sindinama. Koma ukanandimvera tsiku lija, ndikanadziwa kuti zaka zonse zija ndinkaphunzitsa mopu."

Tsopano

Ine ndinapuma ndekha, palibe anandiuza. Ndinali ku Malingunde, pamwamba pa makwerero, ndipo ndinangodzimva ndikuuza wophika kuti, "Tabwera mwana wanga, undiuze muviwu uli pati." Ndinatsika, ndinagwira m'thumba kawiri, ndinatsegulanso bokosi kuti ndigwire bowo la pini ndi chala. Lolemba ndinakapereka kalata.

Kasikelo kaja kali pa msomali pamwamba pa wailesi. Ndimakhala ndekha, ndimalima kadimba kanga, mawondo amandiuza za mvula isanabwere. Inu mumaimba, ndipo ndikuthokoza. Mumati, Amayi muli bwanji, ine ndimati ndili bwino. Ndidzayankha choncho ngakhale zitavuta motani, ndikudzidziwa, ndinaphunzira kwa mphunzitsi wouma mutu. Musandikhulupirire.

Fatsani, minibasi za ku Mitundu sizinathe. Tiyanjane, ana akatsekera sukulu usawafunse ngati akufuna kubwera, ungowakweza. Muzibwera osandiuza, kuti ndisapeze mpata wosesa pabwalo ndi kudzola mafuta. Mukafika mugwire mafuwa ngati ndi ofunda. Muvundukule ndowa ya ufa. Muone ngati mankhwala a kuthamanga kwa magazi akutsika m'botolo. Kenako mundigwire mkono mundidzutse, mumve nokha. Ndidzakalipa kuti mukundiyesa mwana, inu musamve.

Nanunso ena amene izi zidzakufikani m'manja, ophika amene ndinakuvutitsani, ana a anzanga a m'shedi muja, mukamadutsa pa Mitundu mupatuke. Mukafunse kwa Mayi Sikelo, akulozerani. Ndidzakufunsani pazenera kuti ndinu ndani, mwana wa yani, mwabwera kudzatani, ndipo mwina ndidzafunsanso kachiwiri. Musachoke. Ndimachedwa ndi loko, koma ndidzatsegula.